Tinenenji Sakufuna Kukhalanso Mtengo

Tinenenji ankakhala ku Zemba. Anali mu Giredi 2. Anali ndi khumbo limodzi lokha. Ankafuna kuyankhula m'sewero la kusukulu.

Paja teremu yatha iye anali mtengo.

Inde, mtengo. Anzake ena anali alimi. Ena anali mbuzi. Wina anali nesi. Tinenenji anaima kumbuyo kwa onse. Anakweza manja m'mwamba. Anagwira nthambi za mango.

Mtengo suyankhula. Mtengo suyenda. Mtengo umangoima. Manja anamuwawa. Nyerere inatsika m'masamba. Inamuluma pakhosi. Koma mtengo sulira, ndiye iye anangopirira.

Mphunzitsi wawo anali a Madamu Regina. A Madamu ankakonda masewero. Masewero awo anali owerenga. Mwana aliyense ankagwira pepala. Papepalapo pankakhala mawu ake. Nthawi yake ikakwana, ankawerenga mokweza.

Apa ndi pomwe panali vuto. Tinenenji zilembo ankazidziwa. Koma powerenga ankaima. Ankayenda pang'ono, n'kuimanso.

"Ndi... ne... ndine..."

Pofika kumapeto, anali ataiwala zoyambirira. N'chifukwa chake anamupatsa mtengo.

Lolemba lina a Madamu anabwera ndi mapepala atsopano.

"Tili ndi sewero lina," anatero a Madamu. "Ndi la ngolo yonyamula thonje. Muli Mlimi. Muli Ngolo. Muli Msewu. Muli Ng'ombe Yaikulu ndi Ng'ombe Yaing'ono. Lapitalo tinachitira m'kalasi. Ili tidzachitira panja, tsiku lotsekera sukulu. Makolo anu adzabwera kudzaonera."

Ana anafuula ndi chimwemwe.

Ng'ombe Yaikulu anapatsa Peace, mnzake wa Tinenenji. Palibe anadabwa. Peace ankawerenga ngati munthu wa pawailesi.

"Nanga Ng'ombe Yaing'ono akufuna ndani?" anafunsa a Madamu.

Tinenenji anakweza dzanja. Analikweza msanga, mantha asanamupeze.

Kumbuyo wina anaseka. "Mtengo ukufuna kukhala ng'ombe!"

A Madamu anayang'ana kumbuyoko. Kuseka kunathera pomwepo. Kenako anapatsa Tinenenji pepala.

"Ukayeserere kunyumba," anatero. "Lachisanu udzandiwerengere. Ukawerenga bwino, ng'ombe ndiwe. Zikavuta, udzatithandizanso pa mtengo."

"Mtengo ayi, a Madamu," anatero Tinenenji.

"Ndiye ukalimbikire."

Tinenenji anathamanga njira yonse. Anapeza amayi ake pakhonde. Dzina lawo linali a Felicia. Anali kuswa mtedza.

"Amayi, ndithandizeni. Ndikufuna kukhala ng'ombe."

"Ng'ombe?" anadabwa amayi. "Za atate ako zija sizikukwana?"

Tinenenji anawafotokozera zonse. Amayi anapukuta manja pachitenje. Anatenga pepala lija. Anawerenga mokweza.

"Ine ndine Ng'ombe Yaing'ono.
Lero andimanga goli.
Goli ndi lolemera.
Ngolo yadzaza thonje.
Msewu ndi wautali.
Koma ine sindibwerera.
Muuu!"

"Basi, ndi zomwezi?" anatero amayi. "Izi n'zosavuta. Tichite ngati vesi."

A Felicia ankaphunzitsa ana mavesi kutchalitchi. Iwo ankanena, ana ankabwereza. Ankanenanso, ana ankabwerezanso. Lamlungu likafika, mwana aliyense anali ataloweza. Pa ntchito imeneyi a Felicia anali katswiri.

"Ine ndinena, iwe ubwereze," anatero amayi. "Ine ndine Ng'ombe Yaing'ono."

"Ine ndine Ng'ombe Yaing'ono."

"Lero andimanga goli."

"Lero andimanga goli."

Pepala linali m'manja mwa amayi. Maso a Tinenenji anali pa mtedza. Atamaliza, amayi anaika pepala m'buku la nyimbo kuti lisade.

Makutu a Tinenenji anali akuthwa. Mawu onse analowa m'mutu. Posesa ankawanena. Potunga madzi ankawanena. Nkhuku za pakhomo zinatopa nawo. Pepala linali phee m'buku la nyimbo.

Lachisanu linafika. Tinenenji anaima kutsogolo kwa kalasi. Anagwira pepala lake. Anayamba.

Sanaime. Sanakakamire. Mawu anangotuluka, mpaka pa "Muuu!"

Ana anaomba m'manja. Tinenenji anamwetulira. Koma a Madamu sanaombe. Anayandikira n'kugwira pepala lija. Analitembenuza pang'onopang'ono.

Kani nthawi yonseyi Tinenenji anali atalizondotsa!

A Madamu analoza mawu a pakati. "Awa akuti chiyani?"

"Ine ndine Ng'ombe..."

"Ayi. Awa okha. Pamene pali chala changa."

Tinenenji anayang'ana. Anayang'ananso.

"Lo... le... lo..."

Mawu anakana kutuluka. Anachita manyazi kwambiri.

A Madamu sanakalipe. Anagwada kuti afanane naye msinkhu.

"Makutu ako agwira ntchito yaikulu," anatero. "Koma maso ako anali patchuthi. Sewero lathu si loloweza. Ndi lowerenga. Maso aone, pakamwa panene."

"Ndiye ndine mtengo?" anafunsa Tinenenji.

"Lero sindinena. Tidzayesanso Lachisanu likubwerali."

Tinenenji anayang'ana pawindo. Mtengo wa mango unali chiimire panja. Tsiku limenelo anauda kwambiri.

Atafika kunyumba anauza amayi. Amayi anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye ndakusokoneza ndine, mwana wanga. Ndimayesa ndi vesi."

M'mawa mwake kunali Loweruka. Atate ake, a Manase, anatulutsa ng'ombe m'khola. Ankapita kumunda kukanyamula thonje.

A Manase anali munthu wolongolola. Ankayankhula ndi anthu. Anthu akasowa, ankayankhula ndi ng'ombe. Ng'ombe zikagona, ankayankhula ndi ngolo.

Ng'ombe zawo zinali ziwiri. Yakuda inali Makala. Makala anali wamkulu, wodziwa ntchito. Yotuwa inali Phulusa. Phulusa anali wamng'ono. Goli anali atangoliyamba kumene.

"Kwera, Tine," anatero atate. "Nkhope imeneyo ikufunika mphepo."

Tinenenji anakwera ngolo. Ananyamuka.

Makala ankayenda bwinobwino. Koma Phulusa, ayi ndithu. Ankayenda pang'ono, n'kuima. Ankathamanga, n'kuimanso. Ankakokera kutchire. Ngolo inkangogwedezeka.

"Iwe Phulusa, kutchireko kuli abale ako?" anatero atate. "Ona mnzako mmene akuyendera!"

"Atate," anatero Tinenenji, "kodi Phulusa akumva zimene mukunena?"

Atate anaseka. "Kumva akumva. Koma ngolo sakokera makutu. Ndimamumanga ndi Makala. Makala akaponda, iye aponda. Makala akakhota, iye akhota. Mawa chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Tsiku lina udzangoona akuyenda bwino."

Anafika kumunda. Anapakira thonje. Anayamba kubwerera.

Tinenenji anakhala pamwamba pa thonje. Maso ake anali pa miyendo ya ng'ombe. Makala anaponda. Phulusa anaponda. Makala anaponda. Phulusa anaponda. Phulusa anaimabe, koma osati ngati popita paja.

Tinenenji anaganiza. Phulusa ali ndi Makala. Nanga ine ndili ndi ndani?

Atangofika, anadumpha pangolo. Anatulutsa pepala m'buku la nyimbo. Anathamangira kwa Peace.

Peace anali kuseri kwa nkhokwe. Anali kusewera phada.

"Peace, ukhale Makala wanga."

"Ndikhale chiyani?"

Tinenenji anafotokoza. Peace anaseka mpaka kugwetsa miyala. Koma anavomera.

Anatola phesi lalitali la chimanga. Analiika pamapewa pawo. Limeneli linali goli. Anakhala moyandikana. Pepala linali limodzi. Chala chinali cha Tinenenji.

"Tiwerengere limodzi," anatero Tinenenji. "Chala chikaponda, tinene."

Anayamba. Peace anathamanga. Phesi linagwa.

"Makala sathamanga!" anatero Tinenenji.

Anayambanso. Tsopano Tinenenji ndiye anathamanga, poti mawuwo anali m'mutu. Chala chinatsalira kumbuyo. Phesi linagwanso.

"Ukuloweza, sukuwerenga," anatero Peace. "Tiyambire pansi, tizikwera m'mwamba."

Anayambira pansi. Apa kuloweza sikunathandize. Maso anabwerako kutchuthi.

Lolemba a Madamu anawapeza pansi pa mtengo wa mango. Anaona phesi pamapewa. Anamva mawu awiri akuyendera limodzi.

"Mwaganiza bwino," anatero a Madamu. "Koma pepala limenelo Tinenenji analiloweza kale. Tengani ili. Ndi la Ngolo. Muwerenge ndi mawu a ngolo yeniyeni."

Atsikana aja anayang'anana. Kodi ngolo imayankhula bwanji? Anayesa mawu aakulu, okalamba.

"Ine ndine Ngolo.
Mateyala anga ndi akale.
Ndikalowa m'dzenje, ndimati gubudu!
Msana wanga ukuwawa."

Pa "mateyala" Tinenenji anaima. Peace anamudikira. Ananena limodzi. Anabwereza. Anabwerezanso. Pa "gubudu" onse anagwera chagada. Anaseka mpaka misozi.

Tsiku lina anawerenga za Msewu. Msewu unali ndi mawu aulesi. Tsiku lina anawerenga za Mlimi. Mlimi anali wolongolola, ndiye Tinenenji anatsanzira atate ake.

"Nanga pepala lako, Peace?" anafunsa Tinenenji.

"Langa lili kunyumba. Silivuta. Ndidzangowerenga pa tsikulo."

Madzulo aliwonse Tinenenji ankawerengera amayi. Tsopano pepala linkakhala m'manja mwake. Amayi ankangomvetsera. Nthawi zina pakamwa pawo pankayabwa kuti amuuze. Koma ankadzigwira.

Lachisanu linafikanso. Tinenenji anaima kutsogolo. Anayang'ana pepala kaye. Linali losazondoka.

A Madamu analoza pakati.

"Lolemera," anatero Tinenenji.

Analoza pansi.

"Si... sindibwerera."

Analoza pamwamba.

"Andimanga."

"Tsopano werenga zonse."

Anawerenga. Anakakamira pamalo amodzi, koma anawapeza yekha mawuwo n'kupitiriza.

"Ng'ombe ndiwe," anatero a Madamu.

Tinenenji anasangalala kwambiri. Potuluka anadutsa pa mtengo wa mango. Sanaupatse ngakhale moni.

Tsiku lotsekera sukulu linakwana. Makolo anabwera. Ena anabwera wapansi. Ena anabwera panjinga. A Manase ndi a Felicia anabwera pangolo. Anthu anadzaza bwalo lonse.

A Madamu anaveka Peace nyanga za katoni. Anavekanso Tinenenji. Anaika nsungwi pamapewa pawo ngati goli.

"Mlimi ayamba," anatero a Madamu. "Kenako Ngolo ndi Msewu. Kenako Ng'ombe Yaikulu. Yaikulu ikamaliza, Yaing'ono iyankhe."

Mlimi anawerenga. Ngolo inawerenga. Pa "gubudu" makolo anaseka. Msewu unawerenga.

Tsopano inali nthawi ya Peace.

Peace anakweza pepala. Anakwezanso maso. Anaona anthu. Anthu kutsogolo. Anthu kumbali. Ena atakweza mafoni. Peace anali asanaimepo pamaso pa anthu ambiri chonchi.

Anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke.

Bwalo lonse linati zii. Mwana wina analira kumbuyo. Bambo wina anatsokomola.

Tinenenji anamva nsungwi ikunjenjemera. Anayang'ana mnzake.

"Yamba, Peace," ananong'ona Tinenenji.

Peace sanayambe.

Yaikulu ikapanda kuyankhula, Yaing'ono iyankha chiyani? Sewero lithera pomwepa. Iye akhala ataima duu pamaso pa amayi ndi atate. Nyanga ali nazo, koma ndi mtengo basi.

Anayang'ana pepala la Peace. Linali pafupi, poti goli linali limodzi. Mawu ake anali asanawaonepo. Anali asanawamvepo. Palibe anamulowezetsa. Anachita mantha.

Komabe anatambasula dzanja. Anaika chala pa mzere woyamba.

"Chala chikaponda, tinene," ananong'ona.

Anayamba yekha.

"Ine ndine Ng'ombe Yaikulu.
Msewu uwu ndi... ndimaudziwa.
Kutsogolo kuli mche... mche..."

Anaima. Mawu amenewa anali achilendo. Anawayang'anitsitsa.

"Mchenga!
Kutsogolo kuli chitunda."

Chala chinatsikira pa mzere wina. Tinenenji anawerenga mokweza.

"Mnzanga, usaope."

Peace anamuyang'ana. Anapuma kwambiri. Nsungwi inasiya kunjenjemera. Pa mzere wotsatira panamveka mawu awiri.

"Ndikaponda, iwe uponde.
Tikafika limodzi."

Peace anamaliza ndi "Muuu!" wamphamvu. Makolo anaseka, naomba m'manja.

Tsopano inali nthawi ya Tinenenji. Anakweza pepala lake. Maso anaona, pakamwa pananena.

"Ine ndine Ng'ombe Yaing'ono.
Lero andimanga goli.
Goli ndi lolemera."

Apa anawerama ngati goli likumulemeradi.

"Ngolo yadzaza thonje.
Msewu ndi wautali.
Koma ine sindibwerera.
Muuu!"

A Felicia anaimba nthungululu. A Manase anaimirira.

"Ng'ombe imeneyo ndi yanga!" anafuula. "Yaing'onoyo! Mwaona? Yakoka yaikulu!"

"Khalani pansi, atate ake a Tine," anatero a Felicia. "Sewero silinathe."

A Manase anakhala pansi. Koma anapitiriza kuuza amene anali pafupi.

Sewero litatha, Peace anakumbatira Tinenenji. Nyanga zawo zinagundana. A Madamu anabwera kudzachotsa nsungwi.

"Pepala la Peace unaliwerengapo?" anafunsa.

"Ayi, a Madamu. Ndaliona lero."

"Ndiye lero wawerenga," anatero a Madamu. Anamupatsa mapepala onse a sewero. "Pita nawo kunyumba. Ukawerenge patchuthi."

Anabwerera pangolo. Makala anaponda. Phulusa anaponda. Tinenenji sanavule nyanga njira yonse.

Atafika, atate anamasula ng'ombe. Dzuwa linali lisanalowe.

"Tichitenso sewero," anatero Tinenenji. "Pompano, pabwalo."

Anagawa mapepala.

"Amayi, inu ndinu Ngolo. Ine ndiwerenga ng'ombe zonse ziwiri."

"Nanga ine?" anafunsa atate. "Mlimi ndine, eti?"

"Ayi, atate. Mlimi ndiwerenganso ine."

Tinenenji anathyola nthambi ziwiri. Anawapatsa.

"Inu ndinu mtengo. Imani apo. Kwezani manja."

Atate anaima. Anakweza manja.

"Ndiye mtengowo unena chiyani?"

"Mtengo suyankhula, atate."

"Ngakhale moni?"

"Ngakhale moni."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Tinenenji anayamba kuwerenga. Anawerenga za Mlimi. Amayi anawerenga za Ngolo. Mtengo unali chete. Masaya a mtengo anafufuma. Nthambi zinayamba kugwedezeka.

Tinenenji anafika pa mzere womaliza.

"Koma ine sindibwerera."

"Muuu!" unatero mtengo.